Diana Spencer ndi Nthenda Imene Idabisala M'nyumba ya Mfumu

Munthu woyenda m'tinjira ta ku Mzilawaingwe nthawi ya masana, utsi wa makala uli tolotolo ndipo fungo la usipa likutuluka m'makhitchini, atauzidwa kuti kudali mkazi wina wokhala m'nyumba ya mfumu, ophika ali mbwee, koma chakudya chomwecho n'kukhala chomuzunza, angayese nthano za kalulu. Kuno nkhawa ya makolo ndi yakuti ufa ufike kumapeto kwa mwezi. Mwana akanenepa amati akusungidwa bwino, ndipo akaonda achibale amayamba kunong'onezana za matenda ena. Komabe nthenda yotereyi iliko ndipo ili ndi dzina. Mkazi amene adaitchula poyera, dziko lonse likumva, ndi yemwe dzina lake aphunzitsi ambiri amaliitana m'kaundula m'mawa osaganizako za mwini wake. Ameneyu ndi Diana.

Diana Frances Spencer adabadwa pa 1 Julayi 1961 ku Park House, m'dera la Sandringham ku England. Bambo ake, a John Spencer, adali a fuko lolemera la eni malo, ndipo mayi ake adali a Frances. Makolowa ankafunitsitsa mwana wamwamuna woti adzalowe dzina ndi chuma cha banja. Adali kale ndi ana aakazi awiri, Sarah ndi Jane, ndipo mwana wamwamuna amene adabadwa mu 1960 adamwalira tsiku lomwelo. Tsono kubadwa kwa mtsikana wachitatu sikudalandiridwe ndi nthungululu, kotero kuti padapita sabata yathunthu asadapatsidwe dzina. Mlongo wake Charles adadza pambuyo pake mu 1964. Atakula, Diana ankafotokoza kuti kuyambira ali wamng'ono ankadziona ngati mlendo amene adafika pa malo okonzera munthu wina.

Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mu 1967, mayi ake adachoka pakhomo, ndipo ukwati udatha m'khoti mu 1969. Woweruza adapereka ana kwa bambo. Chodabwitsa pa mlanduwo chidali chakuti agogo ake akuchikazi, Lady Fermoy, adaperekera umboni wotsutsa mwana wawo yemwe. Kwa anthu a kumpoto, kumene ana ndi a bambo, chigamulo chotere si chachilendo. Koma kumeneko mwana amatsala pakati pa azakhali ndi agogo, ndipo akalira usiku pamakhala womumva. Diana ndi mlongo wake adatsala m'nyumba yaikulu ya zipinda zambiri, m'manja mwa alezi olembedwa ntchito amene ankabwera ndi kuchoka. Akulu ake awiri adali ku sukulu yogonera komweko.

Nayenso adatumizidwa ku sukulu yotere ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ku Riddlesworth Hall, ndipo mu 1973 adatsatira akulu ake ku West Heath. M'kalasi sadali wanzeru zoonekera. Mayeso a O-level, amene angafanizidwe ndi a MSCE, adawalemba kawiri osakhoza phunziro ndi limodzi lomwe, ndipo manyazi a kulepherako adayenda nawo moyo wake wonse. Mphatso zake zidali kwina: kusambira, kuvina, ndi kucheza ndi odwala. Ana a sukuluyo ankapita kukaona odwala maganizo ku chipatala cha Darenth Park, ndipo pamene ena ankaima patali ndi mantha, iye ankawafika pafupi. Anzake ankamudziwanso ngati mtsikana wokonda kudya, ndipo ankangoseka. Mmodzi mwa anzakewo, wogona naye chipinda chimodzi, adali Carolyn Pride. Dzina limeneli ndi lofunika kulisunga.

Nthenda ya kadyedwe idayamba yalowa m'banjamo kudzera mwa mkulu wake. Chapakati pa zaka za m'ma 1970, Sarah adayamba kudzimana chakudya mpaka kutsala mafupa okhaokha. Iyi ndi nthenda imene dokotala wa ku London, William Gull, adaitcha anorexia nervosa mu 1873. Wodwala amaopa kunenepa koposa mmene amaopera imfa, ndipo akadziyang'ana pa galasi amaona mafuta pamene ena akuona nthiti. Sarah adagonekedwa m'chipatala mu 1977, adachira, ndipo sadabise zimene zidamuchitikira. M'chaka chomwecho adali bwenzi la Kalonga Charles, mwana woyamba wa Mfumukazi Elizabeth, ndipo mu Novembala adamuitana kwawo ku Althorp. Kumeneko ndi kumene Charles adacheza ndi mng'ono wake wa zaka 16. Choncho banja la Spencer lidali litaiona kale nthenda yoondetsa ndi maso awo. Imene idagwira Diana idadza itavala nkhope ina, ndipo sadaizindikire.

Zaka zokoma koposa pa moyo wake zidali zochepa. Mu 1979 adalowa m'nyumba yakeyake ku Coleherne Court mu London, n'kuitana anzake atatu kudzakhala naye: Carolyn Pride, Anne Bolton ndi Virginia Pitman. Masana ankalera ana pa sukulu yamkaka ya Young England, madzulo atsikanawo ankaphika pamodzi ndi kuseka mpaka usiku. Pa 24 Febuluwale 1981 kudalengezedwa kuti Diana, wa zaka 19, adzakwatiwa ndi Charles, wa zaka 32. Adasamutsidwa nthawi yomweyo, poyamba ku Clarence House, kenaka ku Buckingham Palace, kumene munthu sangangogogoda pakhomo n'kulowa kudzacheza. Anzake aja adatsala kunja kwa mpanda pa nthawi yeniyeni imene adali ofunika.

Malinga ndi kufotokoza kwa mwini wake, nthendayo idayamba sabata yotsatira. Adati tsiku lina bwenzi lakelo lidamugwira m'chiuno n'kunena mocheza kuti adali wonenepako. Pamwamba pa mawuwo padali nkhawa yakuti mtima wa Charles udali udakali kwa mkazi wina, Camilla Parker Bowles, ndiponso atolankhani amene ankamutsata paliponse ngati ntchentche pa bala. Mawu amodzi sangadwalitse munthu paokha, koma akagwera pa mtima wosweka kale amamera msanga.

Nthenda yakeyo imatchedwa bulimia nervosa. Pa nthawiyo idali yatsopano ngakhale kwa madokotala, pakuti Gerald Russell adaifotokoza koyamba ndi kuipatsa dzinali mu 1979, zaka ziwiri zokha m'mbuyomo. Wodwala amagwidwa ndi chilakolako chimene sangathe kuchiletsa, amadya chakudya chochuluka kwambiri m'kanthawi kochepa, kawirikawiri ali yekha, ndipo akatha amagwidwa ndi manyazi ndi mantha n'kupita kukadzisanzitsa. Ena amamwa mankhwala otsegula m'mimba. Mawa lake amalumbira kuti sadyanso, amadzimana tsiku lonse, njala imakula, ndipo madzulo zonse zimabwereza. Kusanza kosalekezaku kumadya mano, kumatupitsa masaya, kumalula pakhosi, ndipo kumachotsa m'magazi mchere wotchedwa potaziyamu, umene mtima umadalira kuti uzigunda bwino. Choopsa china ndi chakuti ambiri odwala nthendayi thupi lawo limaoneka labwinobwino. Munthu angadye nawo mbale imodzi zaka zambiri osadziwa kanthu.

Kwa Diana zizindikiro zidaonekera ndithu, koma aliyense adaziwerenga mwa njira yake. Osoka diresi laukwati, David ndi Elizabeth Emanuel, ankalibweza nthawi iliyonse akabwera kudzayesa, pakuti chiuno chake chidatsika kuchoka pa mainchesi 29 kufika pa 23 ndi theka. Anthu adati ndi mantha a mkwatibwi. Kutatsala masiku ochepa adauza akulu ake awiri kuti akufuna kubwerera m'mbuyo, koma iwo adamuyankha mwanthabwala kuti nthawi yatha, popeza nkhope yake idali itasindikizidwa kale pa nsalu zopukutira mbale zogulitsidwa m'masitolo. Usiku woti mawa ndi ukwati adadya chilichonse chimene adachipeza n'kusanza koopsa. Jane, amene adali naye, adangoseka kudya kwakeko. Palibe chifukwa chowayesera akuluwa ouma mtima. Ankamukonda, koma sadadziwe chimene ankachiona.

Pa 29 Julayi 1981 ukwati udamangidwa m'tchalitchi cha St Paul's, anthu pafupifupi 750 miliyoni akuonera pa wailesi yakanema. M'Malawi, mmene wailesi yakanema ya boma idadzatsegulidwa mu 1999, anthu adamvera pa wailesi ndi kuona zithunzi m'nyuzipepala. Pa ulendo wa akwati, m'sitima ya pamadzi ya Britannia, mkwatibwi ankasanza kanayi pa tsiku. Atafika ku Balmoral, nyumba ya Mfumukazi ku Scotland, adaonda ndi kulira kotero kuti mu Okutobala adapita naye ku London kukaonana ndi madokotala. Iwo adamulembera mapiritsi okhazika mtima pansi, ndipo iye adawakana. Posakhalitsa zidadziwika kuti ndi woyembekezera. William adabadwa pa 21 Juni 1982, ndipo Harry pa 15 Sepitembala 1984. Atabereka mwana woyambayo adagwidwa ndi chisoni chachikulu chimene chimagwira amayi ena akangochira, ndipo kangapo adadzivulaza dala.

Za mmene akuchimuna adamuchitira, zambiri zodziwika zidachokera pakamwa pa Diana yemwe, ndipo mlandu womvera mbali imodzi umafuna kuutenga mosamala. Ndi zoona kuti mwamuna wake adamufunira madokotala. Komanso ndi zoona kuti banja lachifumu lidaleredwa m'mwambo wakuti munthu amabisa zowawa zake, amavala bwino, n'kupita kukagwira ntchito. Akuluakulu a m'banjamo adali atapyola m'nkhondo yachiwiri, pamene chakudya chinkagawidwa moyeza. Kwa anthu otere, mtsikana wodya n'kukasanza adali wowononga ndi wofuna kuonekera. Diana adati mawu amene ankamva kawirikawiri adali omudzudzula kuti akutaya chakudya, ndi kuti ena ankati nthendayo ndiyo ikupasula banja, pamene iye ankaona kuti mavuto a banjawo ndiwo ankaidyetsera nthendayo. Ankhoswe oti akhazike pansi mbali zonse ziwiri padalibe. Mayi ake ankakhala kutali ku Scotland, ndipo agogo aja, Lady Fermoy, adali mnzawo wapamtima ndi wotumikira wa amayi a Mfumukazi.

Maganizo a apongoziwa asaoneke ngati a ku Ulaya kokha. Mayi wa ku Mzilawaingwe amene wakhala tsiku lonse mumsika kuti ana adye, atapeza kuti mwana wake amakasanza nsima kuseri kwa bafa, mawu oyamba kutuluka pakamwa pake angakhale omwewo. Kenaka pamabwera kukalipa, kumuyang'anira pa mbale, kumuchititsa manyazi pamaso pa abale, mwinanso kuganizira mimba kapena anthu oipa. Zonsezi zimachokera m'chikondi, koma zimathira nkhuni pamoto, chifukwa nthendayi imakula ndi manyazi. Wodwala akadzudzulidwa sasiya. Amangophunzira kubisa bwino.

Zaka zidapita. Mu Febuluwale 1983 woimba wotchuka wa ku America, Karen Carpenter, adamwalira ali ndi zaka 32 mtima wake utafooka ndi anorexia, ndipo anthu ambiri adayamba kumva kuti matenda a kadyedwe amapha. Nyuzipepala za ku Britain zinkalemba za kuonda kwa Diana, koma sabata yotsatira zomwezo zinkatama kukongola kwa thupi lake. Mu Meyi 1986 adakomoka pagulu pa chionetsero cha ku Vancouver m'dziko la Canada. Mu Malichi 1988 chipale chofewa chidagumuka paphiri ku Klosters m'dziko la Switzerland n'kupha Hugh Lindsay, bwenzi la banjalo, ndipo Charles adapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Chaka chimenecho chidampeza Diana atatheratu, nthenda itamuzunza zaka zisanu ndi ziwiri.

Amene adathyola chete adali mnzake wa ku West Heath uja, amene tsopano adali Mayi Carolyn Bartholomew. Iye sadali dokotala, sadali wachibale, ndipo adalibe udindo uliwonse ku nyumba yachifumu. Adali munthu amene ankamudziwa Diana asadakhale mkazi wa kalonga, ankakumbukira kuseka kwake ndi thupi lake lakale, ndipo ankaona kuti mnzakeyo akuzimirira. Adayamba ndi kuwerenga za nthendayo. Adapeza kuti kusanza kwa nthawi yaitali kumachotsa m'thupi michere yofunika, ndi kuti kutopa ndi chisoni cha mnzakecho mwina zinkakulitsidwa ndi zimenezo. Atamvetsa, adaimba lamya n'kumupempha kuti akaonane ndi dokotala. Diana adazengereza monga ankachitira nthawi zonse. Pamenepo Carolyn adamuuza mosapita m'mbali kuti akapanda kutero, iye mwini aulula nkhani yonse kwa atolankhani.

Chiopsezo chimenechi chidali chakuthwa, ndipo si mankhwala oti aliyense atengere. Kwa wodwala wina, kumuopseza ndi manyazi a pagulu kungathe kudula ubwenzi n'kumukankhira kutali ndi thandizo. Carolyn adaponya mwala umenewu podziwa bwino munthu amene ankalankhula naye, atakhala naye pa ubwenzi zaka zoposa khumi, ndiponso atalolera kuti ngati mnzakeyo amuda, amude ali moyo. Akale adati wakutsina khutu ndi mnansi. Chofunika kuchiona ndi kumene chiopsezocho chidaloza. Sadamulamule kuti adye, sadamuwerengere mbale, sadadziyese sing'anga. Adamukankhira pakhomo la munthu wodziwa ntchitoyo. Onse ozungulira Diana ankakangana naye za chakudya. Mnzake yekhayu ndi amene adachitcha chinthucho nthenda.

Dokotala amene adapezeka adali Maurice Lipsedge wa ku Guy's Hospital mu London. Pa kukumana koyamba adamufunsa mosazungulira kuti adayesapo kangati kudzichotsa moyo. Funso limene achibale ankaliopa ngati moto lidamupatsa mpumulo, chifukwa lidaonetsa kuti pali munthu wosachita mantha ndi choonadi chake. Dokotalayo ankabwera sabata iliyonse. Adamupatsa mabuku ofotokoza nthendayo, amene Diana ankawerenga mobisa, ndipo m'menemo adapeza kuti akazi ambirimbiri adadutsa njira yomweyo. Patapita miyezi, munthu amene ankasanza kanayi pa tsiku adafika pomatha masabata atatu. Koma akapita kukakhala ndi akuchimuna ku Balmoral kapena ku Sandringham, nthendayo inkabwerera ndi mphamvu. Dokotala amachiza ola limodzi pa sabata, ndipo maola ena onse wodwala amakhala ndi a pakhomo pake.

M'mzinda womwewo wa London, pa chipatala cha Maudsley, madokotala adali atayamba kale kuphunzira phunziro limeneli. Kuyambira masiku a William Gull, chizolowezi chidali chochotsa wodwala pakati pa abale ake, poganiza kuti makolo ndiwo gwero la vuto. Gerald Russell yemwe uja, pamodzi ndi Christopher Dare, Ivan Eisler ndi George Szmukler, adayesa njira ina: kuitana banja lonse, kuchotsa mlandu pa makolo ndi pa mwana yemwe, ndi kuwaphunzitsa kukhala naye pa chakudya moleza mtima ndi mosagwedezeka. Mu 1987 adafalitsa zotsatira zoonetsa kuti achinyamata odwala anorexia amene adayamba kudwala asadakwane zaka 19, ndipo sadadwale nthawi yaitali, ankachira bwino ndi njira imeneyi kuposa pothandizidwa paokha. Lero njirayi ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Kwa akuluakulu odwala bulimia, thandizo lodalirika ndi uphungu wosintha kaganizidwe ndi kadyedwe, umene Christopher Fairburn adaukonza ku Oxford. Mpando wa banja m'chipinda cha dokotala wa Diana udakhala wopanda munthu.

Mphamvu zitayamba kubwerera, adaziika pa ntchito imene adaidziwa kuyambira ku Darenth Park. Kale mu Epulo 1987 adali atagwira chanza wodwala Edzi pa chipatala cha Middlesex osavala magolovesi, pa nthawi imene anthu ankaopa ngakhale kapu imene wodwala wamwera. Adachitanso chimodzimodzi ndi odwala khate. Munthu amene adakhala zaka zambiri akubisa nthenda yochititsa manyazi sadafunikire kuuzidwa mmene kusalidwa kumawawira.

Mu 1991 adaganiza zoulula zonse. Mnzake wina wakale, dokotala James Colthurst, ankabwera ku Kensington Palace ndi mafunso a mlembi Andrew Morton, n'kujambula mayankho pa tepi. Buku lotchedwa Diana: Her True Story lidatuluka mu Juni 1992. Popeza Diana sadafune kudziwika kuti adalankhula, anzake ndi amene adaima poyera kuchitira umboni, ndipo Carolyn adali mmodzi wa iwo. Adanyozedwa kuti ndi akazitape ndi abodza. Patapita masiku ochepa Diana adapita kunyumba kwa Carolyn, ojambula zithunzi akuona, ndipo aliyense adamvetsa tanthauzo lake. Chaka chimenecho chidali chowawa: bambo ake adamwalira mu Malichi, ndipo pa 9 Disembala nduna yaikulu John Major adalengeza m'Nyumba ya Malamulo kuti iye ndi Charles apatukana.

Pa 27 Epulo 1993 adalankhula pa msonkhano wa matenda a kadyedwe mu London. Adafotokoza kuti mizu ya matendawa imakhala m'ubwana, m'kudziona wosakwanira ndi m'kufuna kukondweretsa aliyense, ndipo adapempha makolo, aphunzitsi ndi abwenzi kuti azimvetsera ana nthenda isadazike mizu. Mu Julayi chaka chomwecho adafika ku Zimbabwe ndi bungwe la Red Cross, chilala cha 1992 chimene chidakanthanso Malawi chisadaiwalike, ndipo pa sukulu ya Nemazuva adajambulidwa akugawira ana anjala chakudya ndi chipande.

Chithunzi chimenecho chingachititse wina kuganiza kuti dziko lidagawika pawiri, kwina nthenda za okhuta, kwina njala. Zolembedwa za madokotala sizivomereza. Mu 1984 madokotala awiri, Buchan ndi Gregory, adafotokoza za mtsikana wakuda wa ku Zimbabwe wodwala anorexia. Ku zilumba za Fiji, kumene kunenepa kunkatamandidwa monga kuno, wailesi yakanema idafika m'dera la Nadroga mu 1995. Pofika 1998, Anne Becker adapeza kuti pafupifupi mtsikana mmodzi mwa khumi aliwonse amene adafunsidwa ankadzisanzitsa pofuna kuchepa thupi, chinthu chimene poyamba padalibe adachitchula. Mtsikana wa Fomu 3 ku Mzuzu lero amaona pa foni zithunzi zochuluka kuposa zimene atsikana a ku Fiji adaona pa kanema. Amene angayambe kuzindikira ndi mnzake wogona naye ku hositelo, kapena mphunzitsi woona kuti mwana wina amathamangira kuchimbudzi akangotha kudya, amapatsa anzake ndiwo zake tsiku ndi tsiku, kapena amachita chizungulire pa mzere wa m'mawa. Ndipo khomo logogoda lili pafupi: a St John of God akhala akuthandiza odwala maganizo m'Mzuzu momwemo chiyambire zaka za m'ma 1990.

Kuchira kwa Diana sikudali kwa tsiku limodzi kapena kowongoka. Adapitiriza kulandira uphungu kwa Susie Orbach, katswiri wa nkhani za akazi ndi kadyedwe. Mu Novembala 1995, pa pulogalamu ya Panorama ya BBC, adavomera ndi pakamwa pake kuti adadwala bulimia zaka zingapo ndi kuti adali atamasuka. Adafotokoza kuti kudzaza mimba kunkampatsa kwa kanthawi chitonthozo chonga cha munthu wokumbatiridwa, kenaka n'kutsatira kunyansidwa. Kafukufuku wa Lord Dyson adapeza mu 2021 kuti mtolankhani adapeza mwayi wa kuchezako mwachinyengo, koma za nthendayo Diana adali atazinena kale m'matepi a 1991. Tisabisenso kuti sadali bwenzi lapafupi kulisunga. Ankakwiya msanga, ankaleka kulankhula ndi anthu miyezi yambiri, ngakhale abale ake enieni, ndipo ena mwa omuthandiza adatopa n'kuchoka. Oyandikana ndi wodwala wotere amalipira mtengo umene kawirikawiri suwerengedwa.

Kuulula kwake kudafika kutali. Mu 2005 ofufuza a ku Institute of Psychiatry mu London adaonetsa kuti chiwerengero cha akazi opezeka ndi bulimia kwa madokotala a ku Britain chidakwera kwambiri m'zaka za m'ma 1990, chidafika pachimake mu 1996, kenaka n'kuyamba kutsika. Chimodzi mwa zifukwa zimene adaganizira chidali chakuti akazi amene ankadwala mobisa adalimba mtima kupita kuchipatala atamva kuti mkazi wa kalonga adadwalapo nthenda yomweyo.

Ukwati udatha mwalamulo pa 28 Ogasiti 1996. Mu Januwale 1997 adayenda m'munda wa mabomba okwiriridwa ku Huambo m'dziko la Angola, ndipo oona zithunzizo adaona mkazi wathanzi, wamapewa odzaza. Pa 31 Ogasiti 1997 adamwalira pa ngozi ya galimoto mu Paris, ali ndi zaka 36. Sarah ndi Jane adapita pamodzi ndi Charles, amene adadzakhala mfumu mu 2022, kukatenga thupi. Pa maliro, pa 6 Sepitembala, mlongo wake adaimirira m'tchalitchi cha Westminster Abbey n'kutchula matenda a kadyedwe a mlongo wakeyo pamaso pa Mfumukazi ndi dziko lonse, nati adali chizindikiro chabe cha mtima umene unkadziona wosayenera kukondedwa. Adaikidwa pa kachilumba ka pakati pa dziwe kwawo ku Althorp.

Carolyn Bartholomew adali ataimira Harry pa ubatizo wake mu 1984. Pa 19 Meyi 2018, tsiku limene mnyamatayo adakwatira ku Windsor, Jane ndi amene adawerenga mawu a m'Baibulo, ndipo Carolyn adali pakati pa oitanidwa m'tchalitchimo.